Tcheni cha mu injini nacho chimatha

Pali yankho lina limene limamveka kawirikawiri pamalo ogulitsira galimoto, kaya ndi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Munthu wakopeka ndi Benz kapena BMW ya zaka 15, mipando yake yachikopa, mtengo wake wosasiyana kwenikweni ndi wa Toyota yaing'ono. Akafunsa za taimingi, wogulitsa amati, "Bwana, musadandaule, iyi ndi ya tcheni, si ya lamba." Wogulayo mtima umakhala pansi. Yankho limeneli lili ndi choona pang'ono, n'chifukwa chake ndi loopsa. N'zoona kuti tcheni chimakhalitsa kuposa lamba. Koma chimatha ndithu, ndipo m'galimoto zapamwamba zimene zakalamba, kutha kwake kumagwetsa injini yonse. Mfundo yanga lero ndi imodzi: amene ali ndi galimoto yotere, kapena akufuna kuigula, aziwerengera tcheni cha taimingi pamodzi ndi matayala ndi mabuleki, monga chinthu choyenera kuyezedwa ndi kusungiridwa ndalama, osati chinthu choiwalidwa mpaka tsiku limene galimoto idzazime pakati pa msewu.

Tiyambe ndi ntchito ya tchenicho. Pansi pa injini pali crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amachizunguza akamakwera ndi kutsika. Pamwamba, mu hedi, muli camshaft, imene imatsekula ndi kutseka mavalavu kuti mpweya ulowe ndipo utsi utuluke. Ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi mosaphonya: crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft izungulire kamodzi. Chimene chimazimangirira pamodzi ndi tcheni. Tsono taganizirani liwiro lake. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, pisitoni iliyonse imafika pamwamba ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo valavu iliyonse imatsekuka ndi kutsekeka ka 25 pa sekondi yomweyo. M'mainjini ambiri amakono, makamaka amphamvu ngati a galimoto zimene tikukambazi, komanso onse a dizilo, valavu ikatsekuka imatsikira pamalo omwewo pamene pisitoni imafika ikakwera. Ziwirizi zimagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana, ndipo pena zimalambalalana ndi mpata wa mamilimita ochepa chabe. Opanga injini anachita zimenezi dala, chifukwa zimapatsa galimoto mphamvu zambiri pa mafuta ochepa. Koma zikutanthauza kuti chimene chikuletsa pisitoni kuomba valavu ndi nthawi yokha basi, ndipo nthawiyo ili m'manja mwa tcheni.

Aliyense amene anapalasapo njinga ya kabaza akudziwa mmene tcheni chimathera. Sichiduka tsiku limodzi. Chimayamba kukhwepa, mano a giya amasongoka, kenako tsiku lina pachitunda, utanyamula katundu, chimalumpha. Cha mu injini chimathanso momwemo. Pa mfundo iliyonse ya tcheni pali kapini kamene kamazungulira m'bowo lake, ndipo malo amenewa amadyeka pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti tcheni chili ndi mfundo 100 ndipo iliyonse yadyeka ndi milimita 0.05, zomwe diso silingaone. Mukaphatikiza, tcheni chatalika ndi mamilimita 5. Kuti chisakhwepe pali kachipangizo kotchedwa tensioner, kamene kamakankha tchenicho pogwiritsa ntchito sipuling'i ndi mphamvu ya oyilo, ndiponso pali timipanda ta pulasitiki timene tcheni chimatsetserekapo. Tensioner ili ndi polekezera. Ikatuluka mpaka kumapeto, sithanso kubweza kukhwepako. Pulasitiki nayo, itakhala zaka zambiri m'oyilo wotentha, imauma n'kuyamba kuthetheka. Apa m'pamene pamachokera phokoso lija la m'mawa, kuti "tsekeretsekere" kwa masekondi awiri kapena atatu mukangoliza injini yozizira. Usiku oyilo amakhala watsikira pansi, tensioner ilibe mphamvu, ndipo tcheni chimamenya m'mbali mpaka pampu itakweza oyilo. Phokosolo likasiya, anthu ambiri amaganiza kuti vuto lapita. Silinapite. Langobisika mpaka mawa m'mawa.

Tsiku limene tcheni chalumpha, masamu ake ndi osakondweretsa. Pa giya ya camshaft ya mano 36, dzino limodzi ndi madigiri 10, amene pa crankshaft ndi madigiri 20. Chikalumpha dzino limodzi, injini imatha kulirabe, koma imanjenjemera, imafooka, ndipo nyale ya injini imayaka pa dashibodi. Chikalumpha mano angapo kapena kuduka, mapisitoni amapeza mavalavu ali chitsekukire. Tsinde la valavu ndi lopyapyala, m'mainjini ambiri a masiku ano ndi la mamilimita 5 kapena 6, choncho limapindika nthawi yomweyo. Valavu yopindika sitseka, kompuresheni imathawa, injini siliranso. Kumeneko ndiye kupepuka kwake. Zikavuta, njira imene valavu imayendamo imang'aluka, zitsulo zokankha mavalavu zimathyoka, pisitoni imaboka, ndipo mutu wa valavu ukaduka n'kugwera mu silinda umapalapasa khoma, tizidutswa tina n'kukafika mpaka mu turbo. Injini ya masilinda 4 yokhala ndi mavalavu 4 pa silinda ili ndi mavalavu 16. Ya V8 yotero ili ndi 32. Ntchito imene ikanakhala yosintha tcheni, tensioner ndi timipanda imasanduka yotsitsa hedi, kugula mavalavu ndi gasiketi, kupita nayo kwa opala zitsulo, mwinanso kufunafuna injini ina.

Wina anganene kuti uku n'kuopseza chabe. Koma mbiri ya mainjini enieni ndi yodziwika, ndipo si mphekesera za pagalaja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Mercedes-Benz inagulitsa ku America galimoto za V8 za mtundu wa 380 zokhala ndi tcheni cha mzere umodzi, ndipo pofika 1984 inali itabwerera ku tcheni cha mizere iwiri. Patapita zaka pafupifupi 20 nkhaniyi inabwereranso. Injini ya M111 ya m'ma 1990 inali ndi tcheni cha mizere iwiri ndipo inatchuka ndi kulimba. Imene inalowa m'malo mwake mu 2002, ya M271 ya malita 1.8, imene ili mu C180 ndi C200 Kompressor zambiri zimene timaziona m'misewu yathu, ili ndi tcheni cha mzere umodzi, ndipo imadziwika ndi kutalika kwa tcheni komanso kudyeka kwa mano a magiya a pa camshaft. Jaguar itatulutsa V8 yake ya malita 4.0 mu 1996, inaikamo ma tensioner a pulasitiki amene ankang'aluka akakalamba, ndipo pambuyo pake inawasintha n'kuika achitsulo. BMW mu 2007 inatulutsa injini ya dizilo ya N47, imene ili mu 320d, 520d ndi X3, ndipo madandaulo a tcheni chake anachuluka mpaka pulogalamu ya BBC yoteteza ogula ya Watchdog inawaulutsa mu 2013. Choipitsitsa pa injini imeneyi n'chakuti tcheni chili kumbuyo, kumbali ya giyabokosi, moti kuti makaniko achifikire ayenera kutsitsa giyabokosi kapena injini yonse. Mainjini angapo a Audi a V6 ndi V8 a zaka zomwezo nawo ali ndi matcheni kumbuyo. Ndipo kampani ya Volkswagen, itavutika ndi tcheni cha injini yake yaing'ono ya 1.4 TSI, inabwerera ku lamba pa injini imene inalowa m'malo mwake cha m'ma 2012. Kampani siisiya chinthu chimene yakhala ikuchitama ngati chinthucho chikugwira bwino ntchito.

Komabe buku la galimoto silitchula makilomita osinthira tcheni, ndipo ambiri amatenga zimenezi ngati lonjezo lakuti tcheni n'chamuyaya. Tiyenera kufunsa kuti moyo wa galimoto umene opangawo ankauwerengera ndi wautali bwanji. Iwo ankaganizira wogula woyamba ku Munich, ku London kapena ku Tokyo, amene amayenda nayo zaka zingapo n'kuigulitsa. Sankaganizira mwini wake wachinayi amene akukwera nayo mapiri a Chiweta galimotoyo ili ndi zaka 17. Pa zaka zomwezo opangawo anatalikitsa nthawi yosinthira oyilo. Ku Ulaya, BMW ndi Volkswagen zinkalola galimoto kuyenda mpaka makilomita 30,000 kapena zaka 2 pa oyilo mmodzi. Kwa wogula woyamba zinali zokoma, chifukwa ulendo wa kugalaja unachepa. Koma tcheni chimadalira oyilo yemweyo. Mwaye wa dizilo, ndi wa mainjini a petulo amene amapopera mafuta mwachindunji mu silinda, umalowa m'oyilo, ndipo tinthu take tating'onoting'ono timalowa pakati pa kapini ndi bowo lake n'kumapala chitsulo. Umboni wakuti vutoli ndi lenileni unachokera kwa oyeza oyilo eni ake: mu 2020, muyezo watsopano wa API SP unabwera ndi mayeso apadera oona ngati oyilo akuteteza tcheni cha taimingi kuti chisadyeke. Galimoto zimene tikukambazi zinadya unyamata wawo wonse muyezo umenewu usanabwere.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife mwachindunji. Galimoto zimenezi zimatipeza zitakalamba kale. Zimatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zina zimachokera ku South Africa n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo nthawi zambiri zimafika zopanda buku losonyeza kuti oyilo ankasinthidwa liti komanso ndi wamtundu wanji. Makilomita a pa dashibodi, ngakhale atakhala oona, sanena zonse. Galimoto imene inkayenda maulendo afupiafupi m'tauni, kulizidwa yozizira kangapo patsiku, ikhoza kukhala ndi tcheni chotopa kuposa inzake imene inayenda mitunda yaitali pamsewu waukulu. Ikafika kuno imakumana ndi fumbi la chilimwe, kutentha kwa Okutobala, ndi mdipiti wa galimoto wa m'mawa ndi madzulo pa Masauko Chipembere Highway, pamene injini imalira ola lathunthu koma makilomita osawonjezereka. Pamwamba pa izo imathiridwa oyilo aliyense amene wapezeka pafupi, ndi fyuluta yotchipa. Ine ndikuona kuti injini yotere, m'dziko lathu lino, siyenera kupitirira makilomita 7,000 mpaka 10,000, kapena chaka chimodzi, pa oyilo mmodzi, ndipo oyiloyo akhale wa muyezo umene opanga analemba, monga 229.5 pa Benz zambiri za petulo. Ndi wodula, inde. Koma palibe chinthu china chotchipa kuposa chimenechi chimene mwini galimoto angachitire tcheni chake.

Ena amaloza Corolla ndi Vitz, zimene zilinso ndi tcheni koma zimayenda zaka ndi zaka popanda wokhudza taimingi. Akunena zoona. Ngakhale pakati pa galimoto zapamwamba pali mainjini, monga M54 ya BMW ndi M113 ya Mercedes, amene tcheni chawo sichivutavuta. Kusiyana kuli pa katundu amene tchenicho chasenza ndi njira imene chikudutsa. Injini ya V ili ndi mahedi awiri, tcheni chachitali kapena matcheni angapo, timipanda tambiri, ndipo pa dizilo pamakhalanso pampu yamphamvu yofunika kuizunguza. Choncho sindikunena kuti tcheni chilichonse n'chowola. Ndikunena kuti dzina la pa boneti silikuuzani kanthu; chofunika kudziwa ndi nambala ya injini imene ili pansi pa bonetiyo ndi mbiri yake.

Chovuta kwambiri kuyankha ndi munthu amene amati galimoto yake yakhala ikuphokosera m'mawa kwa zaka ziwiri ndipo ikuyendabe. Zimachitikadi, ndipo sikuti phokoso lililonse la m'mawa ndi la tcheni. Pena ndi giya yosinthira taimingi imene loko yake yadyeka, pena ndi tizipangizo ta mavalavu timene tataya oyilo. Koma zaka ziwirizo si umboni wakuti chaka chachitatu chidzatha bwino. Chitsulo chimene chadyeka sichibwerera, ndipo tcheni chokhwepa chimadya mano a giya, mano odyekawo n'kumadyanso tcheni, moti kuwonongeka kumafulumira chakumapeto. Palinso mankhwala ena amene amakondedwa m'magalaja athu, othira oyilo wolemera wa 20W-50 kuti phokoso lichepe. Khutu limapumuladi. Koma oyilo wolemera amachedwa kufika pa tensioner injini ikakhala yozizira, nthawi yeniyeniyo imene tcheni chili pangozi, ndipo amasokoneza magiya osinthira taimingi amene amayendera timabowo tating'ono ta oyilo. Kumbali inayo, kukhala chete kwa injini nakonso si chitsimikizo. Ma tensioner oyambirira a injini ya 2.0 TFSI, imene ili mu Audi A4 za kuyambira cha m'ma 2008, ankatha kubwerera m'mbuyo galimoto ili chiimire, tcheni n'kulumpha pa kuliza kotsatira popanda chenjezo lililonse. Nkhani imeneyi inafika mpaka m'makhoti ku America. Amene ali ndi injini yotero ayenera kuonetsa ngati tensioner yake ndi yakale ija kapena yokonzedwanso, ngakhale injini ikulira mosalala.

Ndikudziwa kuti ambiri sakhulupirira amakaniko, ndipo amaopa kuuzidwa kuti tcheni chatha pamene vuto ndi kasensa kotchipa. Mantha amenewa ali ndi maziko, koma yankho lake ndi kuyeza, osati kuzengereza. Tcheni chimayezeka. Kompyuta yoyezera galimoto imaonetsa ngati camshaft yatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi crankshaft, ndipo makodi monga P0016 ndi P0017 amanena za kusagwirizana kumeneku. Makaniko akhoza kuika crankshaft pa chizindikiro chake n'kuona ngati zizindikiro za camshaft zikugwirizana. Pa mainjini ena akhoza kuona kuti tensioner yatuluka motani. Mwini galimoto ali ndi ufulu wonena kuti, "Bambo, tandionetseni ndione ndekha," ndipo makaniko wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi pempho lotero. Koma akatsimikiza, ntchitoyo ichitike yathunthu. Kuika tcheni chatsopano pa magiya odyeka ndi kutaya ndalama, chifukwa chatsopanocho chidzatha msanga. Tcheni, tensioner, timipanda ndi magiya amene adyeka ziyenera kusinthidwira limodzi, ndipo zikhale zochokera kwa opanga odziwika, pakuti sipeya yabodza pamalo amenewa ndi yoopsa kuposa yakale imene mwachotsayo. Mainjini ambiri a mtundu umenewu amafunanso zitsulo zapadera zotsekera camshaft ndi crankshaft pamalo ake pomanga. Galaja imene ilibe zitsulozi, imene imadalira kulemba ndi penti n'kumayerekeza, ikhoza kupinda mavalavu pa kuliza koyamba, ntchito itangotha kumene. Ndi bwino kufunsa za zitsulozi musanasiye kiyi.

Tsono tifike pa ndalama, chifukwa ndi pamene nkhaniyi imathera kwa ambiri. Sipeya zimenezi sizipangidwa kuno. Zimaitanitsidwa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku UK, zimalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nayo. Munthu akhoza kunena kuti, "Ndingoyenda nayo mpaka ife, ndidzagula injini ina yakale." Koma injini yakaleyo ndi ya mtundu womwewo, ya zaka zomwezo, ndipo tcheni chake palibe akuchidziwa. Munthu wanzeru akaigula adzasinthabe tcheni asanaikweze m'galimoto, ndiye kuti walipira kawiri. Ndiponso injini simasankha pofera. Ikazima mukupitirira thiraki pa msewu wa M1, chiwongolero cha galimoto zambiri zakalezi chimalimba ndipo mabuleki amataya mphamvu yothandizira mukawaponda kangapo. Apa nkhani sikhalanso ya ndalama zokha. Mtengo wa galimoto yapamwamba umatsika chaka ndi chaka, koma mtengo wokonzera injini yake sutsika nawo, ndipo kutchipa kumene kumatikopa pogula ndi ngongole ya ntchito zimene eni ake oyamba anazisiya. Sindikuletsa munthu kugula Benz kapena BMW yakale. Ndi galimoto zabwino, zokhazikika pamsewu, ndipo palibe cholakwika kuzilakalaka. Koma wogula apite m'mamawa, agwire injini ndi dzanja kutsimikiza kuti ndi yozizira, atsekule boneti, wina alize iye akumvetsera. Akapeza kuti wogulitsa waitenthetsa kale, abwerenso tsiku lina. Ndipo ngati palibe lisiti yosonyeza kuti tcheni chinasinthidwa pa injini imene ili ndi mbiri yotere, mtengo wa ntchitoyo auchotse pa mtengo wa galimoto, kapena ausunge padera asanagule mawilo okongola.

Kwa amene zawagwera kale, injini yazima mwadzidzidzi ndipo polizanso sitata ikuzungulira mopepuka ndi mwaliwiro lachilendo, chofunika koposa ndi kuchotsa dzanja pa kiyi. Kupepuka kumeneko kukusonyeza kuti kompuresheni yathawa, ndipo kuzunguza kulikonse kowonjezera kukhoza kupinda mavalavu amene anapulumuka. Galimoto inyamulidwe, isakokedwe ili mu giya ndipo isakankhidwe kuti ilire. Kugalaja, makaniko asathamangire kumasula hedi kapena kulamula injini ina. Ayambe waona taimingi, alowetse kakamera pa bowo la pulagi kapena la injekita kuti aone ngati pamutu pa pisitoni pali zipsera, kenako apopere mpweya mu silinda iliyonse mavalavu ali otseka n'kumvetsera kumene ukutulukira: ukamveka ku ekizozi, valavu yotulutsa utsi yapindika, ukamveka kolowera mpweya, ndi valavu yolowetsa. Ndipo ngati kampanda ka pulasitiki kapezeka kothyoka, sampu itsitsidwe n'kutsukidwa, chifukwa tizidutswa take timagwera pansi n'kutseka sefa imene pampu imakokera oyilo. Injini yomangidwa bwino pamwamba, sefayo ili yotsekeka, imasowa oyilo pa crankshaft n'kunoka patangopita masabata ochepa.